Kujambula Bwino Mawu Pofuna Kulemba Molondola Chichewa cha m'Malokeshoni a Harare

1. Mawu oyamba

Aliyense amene anakhalapo pansi kumvetsera chiganizo chimodzi kakhumi konse, pofuna kuchilemba monga momwe chinatulukira pakamwa pa mwini wake, adziwa kuti khutu la munthu silikonda kuvomera kuti silinamve. Liwu likamveka mosadziwika bwino, khutu limakwaniritsa lokha poperewerapo ndi chimene linazolowera kumva, ndipo dzanja limalemba chomwecho popanda chikayiko. Motero mlembi amatha kulemba chiyankhulo cha m'mutu mwake, iye n'kumayesa kuti walemba cha munthu amene anamujambula.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti zolakwa zambiri za mtundu umenewu sizibadwira patebulo la mlembi ayi, koma zimabadwa tsiku lojambula, m'nyumba ya woyankhula, pa nthawi imene wofufuza akusankha poika maikolofoni. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Zitsanzo zanga ndazitenga ku Chichewa choyankhulidwa m'malokeshoni a mzinda wa Harare, pakuti kumeneko vutoli limaonekera poyera: zinthu zimene zimasiyanitsa katchulidwe ka Chichewa ndi ka Chishona, zomwe wofufuza wayendera ulendo wonsewo, ndi zomwezonso zimene phokoso limayamba kufafaniza.

2. Eni chiyankhulo ndi malo awo

Anthu a ku Nyasaland anayamba kupita ku Salisbury kukafuna ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pambuyo pake pamalole a Ulere kapena polembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Mbiri yawo Zoë Groves anaifotokoza m'buku lake la mu 2020. Anakhazikika ku Mbare, lokeshoni imene inatsegulidwa mu 1907 ndipo kale inkatchedwa Harari, ku Highfield, ku Mufakose, ku Rugare kumene kunali nyumba za antchito a njanji, ndiponso ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivaresekwa kumene kunkakhala ambiri ogwira ntchito m'nyumba za Azungu. Si onse anali Achewa. Panali Atumbuka, Atonga, Ayao, Alomwe, Asena ndi Angoni, komanso ena ochokera ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo Chinyanja ndicho chinawalumikiza. Chiyankhulochi chinasungidwa m'mipingo monga CCAP, imene sinodi yake ya mumzindawu inakhazikitsidwa mu 1965, m'mabungwe othandizana pamaliro, ndi m'Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezedwa ndi boma.

Lero m'nyumba imodzi mungapezeke mibadwo itatu: agogo obadwira ku Dedza kapena ku Mangochi, ana awo oyankhula Chichewa ndi Chishona mofanana, ndi adzukulu amene Chichewa amangochimva koma poyankha amayankha m'Chishona. Funso la wophunzira ziyankhulo ndi lakuti, nanga pakati pa mibadwo imeneyi ndi maliwu ati amene asungika ndipo ndi ati amene apendekera ku Chishona? Funsoli silingadikire. Amene anafika ali anyamata pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, tsopano afika kapena apitirira zaka 80. Wofufuza akajambula molakwika lero, sizidziwika ngati adzapeza mwayi wobwereza.

3. Zimene phokoso limayamba kudya

Choyamba ndi mpweya wotsatira malembo p, t ndi k. M'Chichewa mpweya umenewu umasiyanitsa matanthauzo: ponya ndi phonya, pala ndi phala, kola ndi khola, kula ndi khula. Chishona sichisiyanitsa mawu mwa njira yotere. Komanso pamene Chichewa chili ndi mph, nth ndi nkh, Chishona kawirikawiri chimakhala ndi mh, nh ndi h, monga m'mawu awa:

munthu, munhu
mphepo, mhepo
nkhuku, huku
nkhuni, huni

Kusiyana kwa munthu ndi munhu kwagona pa kamphindi kosafika limodzi mwa magawo khumi a sekondi, pamene lilime limatseka njira ya mpweya kenaka n'kuutulutsa mophulika. Kamphindi kameneka n'kofooka poyerekeza ndi malembo a liwu amene akuzungulira. M'chipinda chimene mawu amagunda khoma n'kubwerera, liwu la u woyambayo limapitirira kumveka n'kukwirira kutsekako, kotero kuti pomvetsera pambuyo pake mawu awiriwa amamveka ngati amodzi.

Chachiwiri ndi maliwu a mluzu amene Chishona chimalemba sv, zv, tsv ndi dzv. Mchewa amati zinthu, Mshona amati zvinhu; Mchewa amati kupsa, Mshona amati kutsva. Mwana wobadwira ku Mufakose angathe kutchula tsinde la Chichewa koma mphatikiram'mbuyo wake n'kukhala zvi-, ndipo chimenechi ndi umboni wofunika kwambiri. Tsono mphamvu yambiri ya s ndi z ili pamwamba, kupitirira kunjenjemera ka 4,000 pa sekondi, kumene timalemba 4,000 Hz. Lamya yakale imangodutsitsa maliwu a pakati pa 300 Hz ndi 3,400 Hz. Choncho chojambulidwa chilichonse chimene chadulidwa kumwamba chimataya chenicheni chosiyanitsa zi- ndi zvi-.

Chachitatu ndi maliwu amene kalembedwe kathu kamabisa. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, ndipo lamulo la kalembedwe limati r alembedwe pambuyo pa i ndi e. Chishona chili ndi r yekha, motero mvula ndi kulima zimakhala mvura ndi kurima. Mlembi wozolowera lamulo la kusukulu amalemba l pamene lamulolo lifuna l, osafunsa chimene lilime lachita. Chimodzimodzinso b ndi d: m'mawu enieni a Chichewa amatchulidwa momezera mpweya m'kati, monga m'Chishona, koma Chishona chilinso ndi ena a liwu losakanikirana ndi mpweya amene kuyambira mu 1967 chimawalemba bh ndi dh. Kuti tidziwe ngati munthu wanena basi kapena bhazi, pamafunika kuti liwu la m'kholingo lijambulidwe loyera.

Chachinayi ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Tonse tidziwa kusiyana kwa mténgo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika. Koma pa nkhani za mbiri ya moyo wa munthu chofunika koposa ndi nthawi ya mneni: ndímathandíza amanena za chizolowezi cha lero, pamene ndimathándiza amanena zimene zinkachitika kale. Malembo ndi amodzimodzi, ndipo liwu lokha ndilo limatiuza ngati mkuluyo akunena za ntchito imene anaisiya kapena imene akuigwirabe. Palinso kutalika kwa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, kumene Jonni Kanerva mu 1990 anaonetsa kuti kumasonyeza malire a zigawo za chiganizo, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje anakufotokoza mokwanira m'buku lawo la mu 2017. Liwu la mwamuna wamkulu limanjenjemera pakati pa 85 Hz ndi 180 Hz. Magetsi a ku Zimbabwe amang'ung'uza pa 50 Hz, ndipo kung'ung'uzako kumamvekanso pa 100 Hz ndi 150 Hz, pakati penipeni pa liwu la agogo aamuna. Pulogalamu yoyeza kukwera kwa liwu ikasokonezeka, imatsata firiji m'malo mwa munthu.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Ndili wophunzira ndinajambula mkulu wina wa ku Mufakose wochokera ku chigawo chapakati cha Malawi. Makina ndinawaika patebulo pakati pa chipinda, pafupi ndi makapu a tiyi, ndipo wailesi ya nyumba yoyandikana inali kuyimba. Pomvetsera tsiku lomwelo zonse zinkamveka, pakuti nkhaniyo ndinali ndikuikumbukira. Patapita miyezi ndinapatsa mnzanga woyankhula Chishona gawo lina kuti alilembe payekha. Pamene ine ndinalemba munthu ndi zinthu, iye m'malo ambiri analemba munhu ndi zvinhu, ndipo aliyense wa ife anali wokonzeka kulumbira. Tinayang'ana chithunzi cha liwu pakompyuta, koma chinali mbuu. Nditabwerera ku Mufakose ndinapeza kuti mkuluyo anamwalira. Madzi akatayika saoleka, ndipo gawo limenelo sindinaligwiritse ntchito mpaka lero.

4. Nyumba ndi nthawi yojambulira

Nyumba zambiri za m'malokeshoni zili ndi zipinda zazing'ono, makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi pa simenti yopukutidwa, ndi denga la asibesitosi kapena malata lopanda siling'i. Zonsezi ndi zolimba, ndipo zimabweza mawu. Njira yosavuta yoyesera chipinda ndiyo kuomba m'manja kamodzi n'kumvetsera: ngati kuombako kukusiya mchira, chipindacho chidzasiyanso mchira pa lembo lililonse la liwu. Mankhwala ake ndi zinthu zofewa. Chipinda chogona chimamveka bwino kuposa pabalaza chifukwa cha matiresi ndi zovala, koma mwambo wathu sulola mlendo kulowa kuchipinda kwa akuluakulu, ndipo si bwino kupempha zotero. Koposa ndi kutseka makatani, kuyala mphasa kapena bulangete pansi, kukoloweka bulangete lina kumbuyo kwa woyankhula, ndi kuphimba tebulo ndi nsalu yochindikala. Woyankhula asakhale pakona, ndiponso asayang'anizane pafupi ndi khoma lopanda kanthu.

Lokeshoni iliyonse ili ndi phokoso lakelake, ndipo wofufuza ayenera kulidziwa asanabwere ndi makina. Ku Mbare kuli msika wa Mbare Musika ndi oitanira makombi, ndiponso nyundo za amisiri a zitsulo a ku Magaba zimene zimagunda tsiku lonse la ntchito. Ku Rugare ndi mbali zina za Mufakose njanji ili pafupi. Loweruka ndi Lamulungu kumakhala zokuzira mawu za mipingo ndi za malo omwera. Magetsi akazima mafiriji ndi mawailesi amakhala chete, koma majenereta amayamba. Mvula ya kuyambira Novembala mpaka Malichi ikagwa padenga la malata palibe chimene chingajambulidwe, ndipo mwezi wa Ogasiti, umene Ashona amautcha Nyamavhuvhu kaamba ka mphepo yake, kujambulira panja kumavuta. Nthawi imene ine ndaipeza yabwino ndi m'mawa wa pakati pa sabata, ana atapita kusukulu, amayi asanayambe kukonza chakudya chamasana.

Si phokoso lonse limene lili ndi vuto lofanana. Tambala akalira amaononga mawu awiri kapena atatu, ndipo woyankhula angathe kupemphedwa kuti abwereze. Phokoso losalekeza, monga la firiji, limaononga chojambulidwa chonse, koma khutu limalizolowera msanga n'kuleka kulimva. Loipitsitsa ndi liwu la munthu wina, kaya wa pawailesi kaya wa kuseri kwa khoma, chifukwa lili m'malo amodzimodzi ndi liwu limene tikufuna, ndipo palibe njira yolichotsera popanda kuononga linzakelo. Tsono musanayambe, valani zomvetsera za kumakutu, jambulani chipindacho kwa mphindi imodzi popanda woyankhula, ndipo mverani. Firiji mupemphe kuti izimitsidwe, koma musaiwale kuiyatsanso potsanzika.

5. Maikolofoni ndi mtunda wake

Pa zonse zimene wofufuza angachite, chopindulitsa koposa ndiponso chosafuna ndalama ndicho kufupikitsa mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni. Mphamvu ya liwu timaiyeza m'madesibelo. Mtunda ukafupikitsidwa ndi theka, liwu lochokera pakamwa limawonjezeka ndi madesibelo 6, pamene phokoso la mumsewu limakhala momwemo. Motero kuchoka pa mita imodzi kufika pa masentimita 50 timapindula 6, pa masentimita 25 timapindula 12, ndipo pa masentimita 12 timapindula pafupifupi 18. Makina otsika mtengo okhala pafupi amaposa makina okwera mtengo okhala patebulo kutali.

Mfundo imeneyi si yachilendo m'dera lathu lino. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954 ndipo anajambula nyimbo zambiri ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland, ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaisendeza kwa woyimba kapena choyimbira chimene ankafuna kuti chimveke pa nthawiyo. Njira imeneyo inali yoyenera nyimbo. Pa kafukufuku wa katchulidwe ife timafuna mtunda wosasinthasintha, kuti kukula kwa liwu kukasintha tidziwe kuti wasintha ndi woyankhula, osati dzanja lathu. Chifukwa chake maikolofoni yovala kumutu, yokhala masentimita atatu kapena asanu kuchokera pangodya ya milomo, ndiyo yabwino koposa pojambula mndandanda wa mawu. Iyenera kukhala pambali, osati kutsogolo kwa milomo, pakuti mpweya wa ph ndi th ukaomba mwachindunji umamveka ngati kugunda kwa ng'oma n'kukwirira chomwe tikufuna kuyeza.

Akuluakulu ena samasuka kuvala chinthu kumutu, makamaka amayi ovala duku ndi abambo ovala chisoti cha chipembedzo. Pamenepo maikolofoni yomangirira pachovala, chikhato chimodzi kuchokera pachibwano, imagwira ntchito bwino, malinga isakhudzane ndi mikanda kapena kolala. Ikhale ndi kachophimba ka siponji, ndipo panja pafunika chophimba chaubweya choletsa mphepo. Ngati oyankhula ali awiri, aliyense akhale ndi maikolofoni yake yolowa m'njira yakeyake m'makina. Pocheza anthu amalowererana, agogo akuyankhula Chichewa mdzukulu n'kuvomera m'Chishona, ndipo mawu awiri akajambulidwa m'njira imodzi sangalekanitsidwenso bwino.

6. Makina ndi kasungidwe

Amene anatitsogolera ankanyamula Nagra kapena Uher ya tepi yoyenda masentimita 19 kapena 9.5 pa sekondi, ndipo pambuyo pake makaseti, amene Philips inatulutsa mu 1963, oyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ntchito ya ALLEX, imene inayamba pa University of Zimbabwe mu 1992 ndi kubala Duramazwi reChiShona mu 1996, inatumiza ophunzira m'madera kukajambula zoyankhula za anthu, n'kudzazilemba kuti zikhale nkhokwe ya mawu. Wogwiritsa ntchito matepi akale otere akumbukire chinthu chimodzi: mabatire akafooka pojambula, tepi imayenda pang'onopang'ono, ndipo ikamaseweredwa pa liwiro loyenera liwu limakwera, maphatikizo n'kufupika. Ngati tepiyo inagwira kung'ung'uza kwa magetsi, chilema chimenecho chimasanduka muyeso, popeza tidziwa kuti chiyenera kukhala pa 50 Hz ndipo tingakonze liwiro potsata icho.

Makina a masiku ano alibe vuto la liwiro, koma ali ndi misampha yawo. Bungwe la osunga zojambulidwa la IASA limalangiza kuti mawu asungidwe mu WAV, pa 48,000 Hz kapena kupitirira, ndi ma bit 24. Ola limodzi la njira imodzi pa muyeso umenewu limadya mamegabaiti pafupifupi 518, zomwe si zambiri lero. MP3 ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp amachepetsa kukula kwa chojambulidwa potaya zimene akuganiza kuti khutu silizisowa, ndipo zotayidwazo sizibwerera. Wothandiza kafukufuku akajambula bwino koma n'kutumiza kudzera m'njira zotere, ntchito yake yaonongekera panjira.

Mphamvu yolowera iikidwe ndi dzanja, kotero kuti mawu okwera kwambiri azifika madesibelo 12 kunsi kwa malire. Liwu likapitirira malire limadulidwa nsonga, ndipo kuseka kapena kufuula kumodzi n'kokwanira kutero. Kachipangizo kodzikwezera ndi kudzitsitsira kokha mphamvu, kamene pamakina ambiri kamalembedwa AGC, kazimitsidwe, chifukwa munthu akapuma iko kamakweza phokoso la m'chipinda, ndipo akayambiranso kamapondereza phatikizo loyamba, lomwe m'Chichewa limanyamula mgwirizanitsi. Sefa yodula maliwu otsika isapitirire 80 Hz pojambula amuna. Foni ya m'manja ingagwiritsidwe ntchito pakasowa china, malinga ilumikizidwe ku maikolofoni yapadera, ijambule mu WAV, ndipo zosefera phokoso zake zizimitsidwe. Zosefera zimenezi zinapangidwa kuti zichotse chilichonse chomveka ngati mpweya, ndipo sizidziwa kuti m'Chichewa mpweya ndiwo umasiyanitsa phala ndi pala. Pa chifukwa chomwecho, chojambulidwa choyambirira chisakonzedwe konse. Chisungidwe m'malo awiri osiyana, ndipo kuyeretsa kulikonse kuchitike pa chokopera.

7. Ulemu ndi kumasuka kwa woyankhula

Apa pali kukokana kumene sitingakubise. Zonse zimene zimakometsa liwu, monga kutseka zitseko, kutulutsa ana ndi kumveka munthu maikolofoni, zimamukumbutsanso kuti akujambulidwa. William Labov mu 1972 anafotokoza vuto lomweli, loti timafuna kumva momwe anthu amayankhulira pamene palibe wowamvetsera, chikhalirecho tingathe kutero pokhapokha titawamvetsera. Ku Harare vutoli lili ndi nkhope yakeyake. Mkulu akaona mlendo wochokera ku Malawi amayesetsa kuyankhula Chichewa cha kumudzi, n'kumadzikonza yekha akatchula mawu a Chishona, pomwe akatembenukira kwa mdzukulu amayankhula mwina. Njira yabwino ndi kujambula mitundu iwiri padera: mndandanda wa mawu ndi ziganizo zoyesera pamalo a zii, ngakhale m'galimoto yoima yotseka magalasi, ndiponso macheza a pabanja otsogozedwa ndi munthu wa m'banjamo, wofufuza atakhala pambali. Pakapita kanthawi anthu amaiwala maikolofoni ya pachovala.

Tikumbukirenso kuti mabanja amenewa anadutsa m'zowawa. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe akutchedwa alendo, Operation Murambatsvina ya mu 2005 inagwetsa nyumba zambiri m'malokeshoni, ndipo ndi malamulo a mu 2013 amene anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo a makolo ochokera m'maiko a SADC. Munthu wobwera ndi makina n'kumafunsa kuti kwanu n'kuti, munabwera liti, ayenera kufotokoza bwino cholinga chake, kupempha chilolezo m'chiyankhulo chimene mkuluyo wasankha, ndi kulonjeza zokhazo zimene adzachite. Za kudambwe sizijambulidwa popanda chilolezo cha eni mwambo. Munthu wamantha amayankhulira pansi ndi kumeza mawu, kotero kuti ulemu nawonso ndi mbali ya kajambulidwe kabwino.

Chilolezo chikaperekedwa, kumayambiriro kwa chojambulidwa kunenedwe tsiku, lokeshoni, boma ndi mfumu ya kwawo kwa woyankhula, chaka chimene anafika, ndi ziyankhulo za makolo ake ndi za mkazi kapena mwamuna wake. Kufunika kwake nkotere. Munthu akati ŵana, liwu loyambalo limafanana kwambiri ndi v wa m'mawu a Chishona akuti vana. Ngati anabadwira ku Highfield kwa mayi wa Chishona, tingaganize kuti ndi Chishona chalowerera; koma ngati kwawo ndi ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, liwulo anabwera nalo kuchokera kumudzi. Makina abwino amatiuza chimene chatchulidwa, koma mbiri ya munthuyo ndiyo imatiuza kumene chachokera.

8. Polemba

Chojambulidwa choyera chimafunabe mlembi wosamala. Mapulogalamu monga Praat, ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku Amsterdam, ndi ELAN, ya ku Max Planck Institute ku Nijmegen, amalola kuti mawu olembedwa amangiriridwe ku sekondi yake yeniyeni, kuti wina aliyense athe kubwerera pomwepo n'kudzimvera yekha. Ndi bwino kukhala ndi mizere iwiri, wina wa kalembedwe ka masiku onse, wina wa zizindikiro za katchulidwe pamodzi ndi kukwera kwa liwu. Langizo langa lalikulu, lochokera pa zimene zinandigwera, ndi lakuti gawo lililonse lofunika lilembedwe ndi anthu awiri payekhapayekha, wina woyamwira Chichewa, wina woyamwira Chishona. Pamene agwirizana tingakhulupirire. Pamene asiyana tiyang'ane chithunzi cha liwu. Ndipo ngati nachonso sichithandiza, tiike chizindikiro cha chikayiko m'malo molota.

Makina olemba okha zoyankhulidwa afika, ndipo angatipeputsire ntchito. Zambezi Voice ya ku University of Zambia inasonkhanitsa mawu a Chinyanja pamodzi ndi Chibemba, Chitonga ndi Chilozi mu 2023, ndipo chaka chomwecho Meta inatulutsa MMS yokhudza ziyankhulo zoposa 1,100, yophunzitsidwa makamaka ndi Malemba owerengedwa mokweza. Koma Whisper, pamene OpenAI inaitulutsa mu 2022, inali ndi Chishona pamndandanda wake, Chichewa panalibe. Makina otere ali ndi chizolowezi chomwe chija cha khutu la munthu: akapanda kumva bwino amalemba chimene anaphunzitsidwa. Wophunzitsidwa Chishona adzalemba munhu, wophunzitsidwa Chichewa cha m'mabuku adzalemba munthu, ndipo onse awiri adzalemba ndimathandiza popanda kusonyeza nthawi yake. Zolemba zawo zingakhale poyambira, koma sizingakhale umboni wa katchulidwe.

9. Mawu omaliza

Taona kuti mpweya wa ph, th ndi kh, mluzu wa zv ndi sv, kusiyana kwa l ndi r, ndi kukwera kwa liwu ndi zinthu zofooka kapena zosalembedwa, zimene chipinda chobweza mawu, firiji, wailesi ndi makina odzikonzera okha zimafafaniza mosavuta. Taonanso kuti zozitetezera n'zosafuna chuma chambiri: kuyendera malo tisanajambule, kusankha nthawi, kuyala mabulangete, kusendeza maikolofoni pafupi, kumvetsera pamene tikujambula, kusunga choyambirira osachikhudza, ndi kulemba anthu awiri. Ndikupempha anzanga a m'mayunivesite a ku Zomba, Lusaka, Harare ndi Maputo kuti tigwirizane pa muyeso umodzi wa kajambulidwe, ndi kuuphunzitsa kwa ophunzira athu asanapite kukafufuza, kuti zimene wina wajambula ku Mabvuku zithe kuyerekezedwa ndi za ku Ntcheu, ku Katete kapena ku Angónia. Agogo a m'malokeshoni a Harare akali ndi mawu oti atiuze, ndipo ambiri a iwo tidzawajambula kamodzi kokha.